Momwe Anachiritsira Atate Anga

Atate anga anali khukhi. Zaka zonse za ubwana wanga ankakhala ku Lusaka m'nyumba ya azungu, ndipo ife tinkawaona kamodzi pachaka, akatsika basi pa Nyimba ndi sutikesi yawo, akununkhira sopo wa eni. Kumeneko ankaphika, kusita, kukolopa, ndipo analera ana a dona wawo kuyambira ali makanda mpaka kuwaperekeza kusukulu. Titalandira ufulu azunguwo anapirirako zaka zingapo, kenaka analongedza n'kupita kummwera. Anawasiyira atate nsimbi yakale ya makala, beseni lobenthuka m'mphepete ndi jekete loyera lija ankavala poperekera chakudya.

Anabwera kudzakhala kwa amai, poti kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Mudzi unali wa amai ndi abale awo. Atate anali mkamwini, munthu wobwera, kwawo ku Mwape. Munda unali wa amai, ana tinali a amai, ngakhale mthunzi wa mango umene ankapumirapo unali wobwereka.

Ine ndinali woyamba kubadwa, ndipo chaka chimenecho ndinalowa Giredi 7. Ndinali wanzeru, sindichita manyazi kunena. Masamu amene ankaliza anyamata ometa kale ndevu ine ndinkamaliza n'kukhala ndikuyang'ana kudenga. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi, kulemba mayeso a kumapeto kwa chaka, kukhoza, n'kupita ku sekondale yogonera komweko. Ndinali nditamva kuti kumeneko mtsikana aliyense amagona pa bedi lakelake ndipo madzi amatuluka pa mpopi. Za unesi kapena uphunzitsi sindinkalota ayi, ndinkalota mpopiwo.

Mvula ili pakati, chimanga chikufuna khasu, amai anabereka mapasa, onse aakazi. Anachira movutikira. Anataya magazi ambiri, mwendo wakumanzere unatupa mpaka kuwala, ndipo kwa miyezi ankayenda chogwira khoma. Mkaka sunkakwanira pakamwa pawiri. Mwana uyu akagona uyo ankadzuka, ngati apangana. Amene sanalerepo mapasa asandiuze za kutopa.

Abale a amai anabwera, inde. Anaimba nthungululu, ananyamula ana, anati afanana ndi uje, anadya nkhuku yathu, n'kubwerera kukapalira minda yawo. Amai atatuluka m'chikuta, ndinaona maso onse akutera pa ine, mtsikana wamkulu wa pakhomo, msana wopanda kanthu. Mlongo wanga wonditsata maso amenewo sanamuone, ngakhale iye kusukulu ankapitira mpira.

Atate ndiwo anakana. Anati, "Uyu mulekeni, ali na mayeso. Nchito ya pa ng'anda niidziwa ine."

Ndipo sankanama, ntchito ya pakhomo ankaidziwadi. Ankalawirira kumunda, dzuwa likakwera n'kubwerako, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuyamba ntchito inayo. Matewera athu anali zidutswa za matumba a ufa ndi zitenje zakutha, koma atate ankawawiritsa m'chitini, kuwachapa, kuwayanika pachingwe mondandalika, akauma n'kuwasita. Kusita thewera, m'mudzi! Ankati pali ntchentche zimene zimaikira mazira pansalu yonyowa, mwana n'kutuluka mphutsi pakhungu, ndipo nsimbi ndiyo imapha mazirawo. Phala ankalisefa pakansalu. Mwana ankamusambitsa mutu uli pachikhatho chawo, akung'ung'udza kanyimbo, mwanayo ali duu. Madzi ankatunga ndi zitini ziwiri zolendewera pamtengo wopingasa paphewa, poti kusenza pamutu kokha ndiko sanaphunzire. Wina akalira amai akuyamwitsa mnzake, atate ankatenga chitenje, kumuponya kumsana, kumanga mfundo pachifuwa, n'kupitiriza kutsuka mbale.

Ine ndinkapita kusukulu. Pobwera ndinkapeza amai atasamba, atagona pamphasa pakhonde, mwendo wotupa uja ataukweza pampando, akuseka nthabwala za atate za momwe dona ankaopera nalimata. Amai anga kuseka! Miyezi imeneyo yokha ndiyo ndinaona nyumba yathu ili bwino, ndipo ndikaikumbukira mtima umandiwawa kuposa ndikakumbukira zoipa zimene zinatsatira.

Tsono moyang'anana ndi nyumba yathu munkakhala amai aakulu, mkulu wawo wa amai. Iwo anali mai wa Chipani. Chitenje cha Chipani ankavala ngakhale popita kukathyola ndiwo, ankaima pachipata cha msika wa pa Nyimba kufunsa anthu makhadi, ndipo akuluakulu a boma akabwera iwo ndiwo ankatsogolera nyimbo. Mawu anali nawo, zimenezo sindiwamana. Amuna awo anali munthu woti chikho cha madzi chili pafupi ndi phazi lake, koma amaitana mkazi kuchokera kudimba kuti adzam'patsire. Amai aakulu ana awo onse analera okha, nkhuni okha, madzi okha, ndi mbama pamwamba pake. Ndiye tsiku ndi tsiku ankakhala pakhomo pawo kuonerera mng'ono wawo atakweza mwendo, mwamuna akuyanika matewera. Anthu mpaka lero amati ankateteza mwambo. Ine ndimati inali nsanje, ndipo ndidzanena choncho mpaka adzandiike m'manda.

Kwathu mkazi sakudzudzula pamaso, amakudikira pamtondo. Chimanga chikalowa m'nkhokwe akazi amasonkhana kusinja awiriawiri, minsi ikulandizana, ndipo chilichonse chili kukhosi chimatulukira m'nyimbo. Dzina satchula, koma mudzi wonse umadziwa mwini nyimbo, ndipo sungakadandaule kwa munthu poti adzakuuza kuti ndi nyimbo chabe. Loweruka lina m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinamva mawu a amai aakulu akukwera pamwamba pa minsi.

"Kwa mng'ono wanga kuli akazi awili,
wina ali na ndevu, mayo ine.
Unamudyetsa chani, nipatseko,
wanga nayenso anichapile."

Anzawo anavomera, anabwereza, anaseka mpaka wina anagwetsa munsi. Pofika madzulo ana ankaiimba pothamangitsa mbuzi. Lamlungu anyamata anawaimbira atate chapansipansi panjira ya kutchalitchi. Kusukulu anzanga ankandifunsa kuti mwa amai anga awiriwo ndimakonda uti.

Kuseka kunali kwa pamwamba chabe. Pansi pake panali mlandu woopsa, wakuti amai anawadyetsa atate mankhwala. Aliyense kwathu ankadziwa kuti mkazi woipa mtima amadula mchira wa buluzi n'kuubisa m'ndiwo za mwamuna wake, kuti mwamunayo azingokakamira pakhoma la nyumba ngati buluzi yemweyo, mutu uli gwedegwede kuvomera chilichonse. Mkazi wotero sasiyana kwenikweni ndi mfiti. Kutchalitchi azimayi anayamba kusuntha amai akakhala nawo pafupi, ndipo kuchitsime nkhani zinkaduka iwo akafika.

Atate poyamba anangoseka. "Alekeni aimbe, pakamwa ni pawo," anatero. "Mutu umodzi susenza denga."

Amai sanaseke. Anawaitana monga kwathu amaitanira bambo wa mapasa. "Awisi mapasa, chonde, muziyanika kuseli." Atate anasamutsira chingwe kuseri kwa nyumba. Patapita masiku amai anati aziyanika m'nyumba. Matewera anayamba kununkha utsi, koma nyimbo sinaleke.

Nyimbo ilibe miyendo, koma inakafika ku Mwape. Nyengo yozizira itayamba, azakhali anga, mlongo wawo wa atate, anatulukira pakhomo, fumbi mpaka m'mawondo, kamtolo ka mizu katamangidwa kunsonga ya chitenje. Madzi amene amai anawapatsa sanalandire. Mapasa sanawayang'ane n'komwe. Anakhala pansi pa mango, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira ngati afika pamaliro.

"Mlongo wanga mwamupha ali moyo! Amama anabala mwanalume, imwe mwamuvalika chitenje!"

Amai aakulu, mwini moto, anawoloka bwalo kudzawatonthoza. Akazi awiri amenewa sanakondanepo chikwatirire atate, koma tsiku limenelo anagwirizana ngati obadwa mimba imodzi. Anati atate asanzitsidwe. Ngati m'mimba mulibe kanthu, nkhani yathera pomwepo. Ngati muli kanthu, katuluke anthu akuona.

Ndinawatsatira atate kuseri kwa nkhokwe n'kuwagwira mkono. "Atata, kanani."

"Nikakana azati ni mankhwala akukana," anandiyankha. "Leka nimwe. Mulibe kanthu m'mimba muno. Azaona okha, amai ako ayele."

Apa ndiye atate anapusa. Munthu wokhala zaka zonsezo m'tauni ankaganiza kuti anthu amene abwera kudzapeza chinthu angabwerere chimanjamanja.

M'mawa mwake anawakhazika kuseri kwa nyumba. Anthu anabwera osaitanidwa, akazi kutsogolo, amuna chapatali ngati akungodutsa, ana atakwera pampanda wa khola. Azakhali anali ataviika mizu ija m'chikho, madzi ake akuda, fungo lake lokanda kukhosi. Atate anavula malaya, anawapinda bwinobwino monga mwa chizolowezi chawo, anawaika pampando, n'kumwa chikho chonse osapumira. Kwa kanthawi sikunachitike kanthu. Kenaka thukuta linatuluka pamphumi kuli kozizira, anagwada, n'kuyamba kusanza.

Anasanza mpaka misozi, mpaka mamina, mpaka mitsempha ya m'khosi inaima. Akati apume, azakhali ankawagwira chibwano n'kuwamwetsa madzi ofunda. "Imwani, chikali m'kati." Amai aakulu anagwada pambali akutakasa masanziwo ndi kamtengo. Mankhwalawo sanasankhe khomo, anatsegula kumwamba ndi kumunsi komwe, ndipo ana a pampanda aja ndiwo anayamba kuona n'kukuwa. Atate anga, munthu amene sankalola ntchentche kutera pakapu, anali chigwadire m'dothi pamaso pa apongozi ndi alamu awo, atadziipitsira buluku.

Ndiye amai aakulu anakweza kamtengo kaja m'mwamba. Kunsonga kwake kunkalendewera kanthu kotuwa, kowonda, kotalika ngati chala cha mwana.

"Aka! Si aka?"

Kanali kamtsitsi ka mbatata imene atate anadya m'mawa womwewo. Ndinawaona akudya, ndinadya nawo. Ndinakuwa kuti, "Ni mbatata iyo!" Mbama ya azakhali inanditera pakhutu mpaka ndinamva kulira kwa njuchi. Nthungululu inabuka. Kanthu kaja anakakulunga patsamba msangamsanga n'kukaponya pamoto, wina asanapemphe kukaona pafupi.

Amai anali pakhomo, mwana kubere, mwana pamwendo. Azakhali anawalozera chala n'kuwatchula mayina amene sindingalembe. Amai sanalire. Amene anayankha ndi amai aakulu, ndi mawu ofewa ngati munthu wachifundo. "Mng'ono wanga analakwa, tavomela. Ni ubwana. Mukhululukileni, sazabwelezanso." Anavomera mlandu m'malo mwa munthu amene sanalakwe, ndipo anthu anawatama kuti ali ndi mtima wa uchembere.

Chakumadzulo anthu atabalalika, atate anadzikoka, ali lefu, natenga beseni kuti achape buluku lawo. Amai anadzuka chotsimphina, analanda beseni lija mwamphamvu, madzi n'kutayikira pamapazi pa onse awiri.

"Lekani! Simunakhute? Mufuna aniphe? Khalani pansi monga mwanalume!"

Kanali koyamba kumva amai akukalipira atate. Atate anawayang'ana nthawi yaitali, manja akudontha madzi, kenaka anapita pansi pa mango n'kukhala.

Ndipo anakhaladi. Chilimwe kumunda kulibe ntchito, choncho ankakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, manja ali pamawondo. Mapasa ankatha kulira mpaka kusasa mawu pafupi ndi phazi lawo, iwo maso ali kumsewu. Ndinkaona zala zawo zikugwedera, koma sankadzuka. Anayamba kumwa kachasu, munthu amene kale ankati mowa umanjenjemeretsa dzanja la khukhi. Anayamba kuitanitsa madzi akumwa, amai n'kumabwera nawo, kugwada ndi mwendo wotupawo. Tsiku lina ndiwo zinalibe mchere, poti nthawi imeneyo mchere unkasowa m'masitolo. Atate anagubuduza mbale ndi phazi, nawamenya amai mbama pabwalo, masana, anthu akuona. Chimene sindidzaiwala n'chakuti atangowamenya anatembenuka kuyang'ana kunyumba kwa amai aakulu, ngati mwana wa sukulu woonetsa aphunzitsi ntchito yake.

Mawa lake kuchitsime amai aakulu anati, "Lomba alamu achila." Onse anavomera kuti tsopano achiradi. Amuna anayamba kuwaitanira kumowa n'kumawapatsa mpando. Kutchalitchi azimayi anasunthiranso pafupi ndi amai. Mudzi unakhala pamtendere.

Koma matewera sadzichapa okha. Panalibe msonkhano, panalibe amene anandiuza kuti leka sukulu. Lolemba lina nditavala yunifolomu, amai anati, "Yamba wachapa, uzayenda mailo." Tsiku lotsatira, mailo amene ananenawo, anati nkhuni zatha. Linalo mmodzi wa mapasa anatsegula m'mimba. Mlongo wanga ankadzuka, kusukusula, kudya mbatata imene ndaphika ine, n'kumapita akukankha mpira wake wa masanza. Ine ndinkatsala, mwana kumsana, mwana m'manja, chitini pamutu. Nthawi yowiritsa ndi kusita ndinalibe, ndipo sipanapite nthawi ana onse awiri anatuluka zotupa m'matako, zina zili ndi mphutsi monga ananenera atate. Ndinkazifinya ana akukuwa, inenso ndikulira ndi ukali. Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo amai sindiwada. Ndimadziwa chimene ankaopa. Koma tsiku limene analanda beseni lija anasankha, ndipo woperekedwa ndinali ine.

Atate kukhala kunawalemera kuposa ntchito. Atamva kuti bwana wina wa pa boma ku Petauke, munthu wakuda ngati ife, akufuna khukhi, anatenga jekete lawo loyera n'kupita. Apa ndiye mumve zodabwitsa za anthu a kwathu. Amai aakulu omwe aja anayamba kudzitama pamsika kuti alamu awo amagwira ntchito kwa bwana wa pa boma, ndipo shuga amene atate ankatumiza iwo ndiwo ankayamba kubwera ndi kapu. Ntchito inali yomweyo, mbale, mapoto, matewera. Kungoti ana anali a eni. Pamtondo panalibe amene anapeka nyimbo.

Mphepo ya fumbi itayamba, ndinakumana ndi ahedi a sukulu yathu panjira, ine nditasenza nkhuni. Anatsika panjinga n'kundiyang'ana kuyambira kumtolo mpaka kumapazi.

"Iwe, temu yomaliza iyamba," anatero. "Ukabwela uzalemba, ndipo uzapasa, nikudziwa. Ukapanda kubwela, basi, nilibe chochita. Kamba na atate ako."

Sopo anali atatha m'nyumba, m'masitolo a pa Nyimba munalibe, choncho ndinauza amai kuti ndipite ku Petauke ndikatenge kwa atate. Analola. "Koma tenga mmodzi," anatero. "Msana nili nao umodzi." Amai aakulu anakuwa ali pakhomo pawo kuti mapasa salekanitsa, amadwala. Ananena manja atapinda pachifuwa, ndiye ndinabereka wamng'onoyo n'kunyamuka.

Basi inatisiya pamphambano ya msewu waukulu, mtunda wotsalawo tinakwera lole ya thonje. Mwana anadziipitsira panjira mobwerezabwereza mpaka nsalu zonse zimene ndinatenga zinatha. Zotupa zija zinkamuwawa ndi thukuta, analira njira yonse. Ine ndinkangobwereza mumtima mawu amene ndikawauze atate, kuwasanja, kuwasanjanso.

Nyumba ya bwanayo inali ya malata ofiira, yozunguliridwa ndi mpanda wa maluwa. Ndinalowera kuseri monga amalowera anthu onga ife. Atate ndinawapeza pakhonde la kukhitchini, atavala jekete loyera, atameta, nkhope itabwerera m'malo. Kumsana anabereka khanda la bwana m'chitenje chatsopano. Ankasita diresi la sukulu la mtsikana, akugoneka mapindo ake limodzilimodzi, ndipo ankang'ung'udza. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anadzidzimuka, kenaka anakondwa, zoona anakondwa. Anandikhazika pasitepe, anandipatsa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka.

Ndisanamalize kudya, chitseko chinatseguka, panatuluka mtsikana wa msinkhu wanga, buku m'manja, chala chili pakati pa masamba. "Akhukhi, diresi langa?" Atate anati, "Lomba lomba, amai." Mtsikanayo anandiyang'ana, anayang'ana mwana wa kumsana kwanga, anagwira mphuno n'kubwerera m'nyumba. Sindimuimba mlandu, tinkanunkhadi.

Mawu onse osanja aja anabalalika, ndinangoti, "Atata, ahedi akuti nibwelele. Bwelani ku ng'anda mugwile ana mpaka nilembe chabe. Nikalemba muzabwela kuno."

Nsimbi inapitiriza kuyenda. "Kuja nigwila lini thewela," anakana osandiyang'ana.

"Koma apa mugwila."

"Apa ni nchito."

"Nanga ise ndise chani?"

Anatembenuza diresi lija n'kuyamba kolala. "Unaona zimene ananichita."

"Ninaona. Ninali pamenepo, ananimenya mbama chifukwa cha imwe." Ndinapitiriza. "Ndiye nitengeni kuno. Nizagona pansi m'kanyumba kanu, niziyenda ku sukulu ya kuno."

"Iwe ndiwe wa kwa amai ako, ine ningakutenge bwanji? Na mwendo uja, mapasa azatsala na ndani?"

Mwana anayambanso kulira, kulira kuja kosasa kwa mwana wotopa. Atate anaimika nsimbi. Anandimasula mwanayo kumsana, khanda la bwana likadali kumsana kwawo, anamugoneka patebulo n'kumasula chisanza chimene ndinamumanga. Ataona zilonda anatsonya.

"Anamanga izi ni ndani?"

"Ni ine."

Analowa m'khitchini, anabwera ndi madzi ofunda, anayesa kutentha kwake ndi chigongono, n'kumusambitsa mwana wawo mutu uli pachikhatho. Anamupukuta modinda, osakhula. Anamudzoza mafuta onunkhira a m'botolo la dona wa nyumbayo. Kenaka anatenga thewera lenileni, loyera, lofewa, lakale pang'ono, pansi pa mulu wa zosita. Manja awo ankayenda mofulumira ndi mofatsa nthawi imodzi. Mwana analeka kulira, anagwira batani la jekete n'kuyamba kuliyamwa, ndipo ndinaona maso a atate atadzaza misozi. Ndinati basi, aona okha, munthu sangaone mwana wake ali chonchi n'kutsala kuno. Ndinayamba kale kuganiza za kumene ndinasiya kope langa la masamu.

Atamaliza kumanga, anachotsanso phini, anamasula thewera lija n'kuliyala patebulo.

"Bwela pafupi," anatero. "Penya bwino. Upinda apa, upindanso apa, nsonga iyi ibwela pakati. Zala zako uziika pansi pa nsalu, kuti phini ikalasa ilase iwe, osati mwana. Manga nione."

Ndinawayang'ana. Iwo maso anali pathewera. Ndinamanga.

"Wathina. Masula, bwelezanso."

Ndinabwereza. Anati nsonga yapotoka. Ndinabwerezanso, misozi ikugwera pamimba pa mwana, iwo akukonza zala zanga moleza mtima, ngati mphunzitsi wabwino amene safuna kuti wophunzira wake akachite manyazi. Pomaliza anagwedeza mutu.

"Eya. Lomba wadziwa. Uziwilitsa, uziyanika padzuwa, usachite ulesi kusita. Winayo ukamumange chimodzimodzi."

Anandikulungira sopo ndi maphini awiri m'pepala, anandithandiza kubereka mwana, nakoka mfundo ya chitenje kuti aone ngati yalimba. Kenaka ananyamula diresi lija, analiyang'ana padzuwa kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulowa nalo m'nyumba atalinyamula ndi manja awiri.

Temu inayamba, mlongo wanga anapita. Mayeso anzanga analemba kukutentha, mvula isanagwe. Belu la tsiku loyamba ndinalimva ndili kumtsinje, mapasa nditawakhazika pamchenga, ndikuchapa. Matewera anayera bwino ndithu, poti sopo anali wabwino ndipo wondiphunzitsa anali katswiri.